Ndapeka nyimbo ya kalarineti ndi piyano, ndikupempha makutu anu

Wa Limba ku Kawale

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga okonda nyimbo. Lero ndalimba mtima kuti ndikuonetseni nyimbo imene ndapeka ndekha, yopanda mawu, yoimba ndi zida ziwiri zokha, kalarineti ndi piyano. Ine sindinapite kusukulu ya nyimbo. Ndinayamba ndi solfa m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ndili ndi zaka 14, kenako ndinaphunzira limba pomvera ndi khutu, ndipo kuwerenga manotsi a pa staff (mizere isanu yolembapo nyimbo) ndadziphunzitsa ndekha m'zaka zitatu zapitazi, madzulo ndikaweruka kuntchito.

Nyimboyi ndailemba pa MuseScore, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera nyimbo, ndipo ndaika pano pepala lake pamodzi ndi mmene kompyuta yaiimbira. Ili mu F major, kugunda katatu pa bar (kachigawo kakang'ono ka nyimbo) iliyonse, liwiro lake ndi kugunda ka 96 pa mphindi imodzi, ndipo yonse ili ndi ma bar 72, amene akutenga mphindi ziwiri ndi masekondi 15. Ndaigawa patatu. Ma bar 24 oyamba ndinafuna kuti amveke ngati minuet, nyimbo yovina ya ku Ulaya ya m'masiku a Haydn ndi Mozart, ndipo kwa inu odziwa solfa mutu wake ukuyamba chonchi: s | d' : t : d' | m' : r' : d' | l : - : f | s. Ma bar 24 omaliza ndabwereza gawo loyambalo monga lilili.

Gawo lapakati ndi limene ndikukayika nalo kwambiri, chifukwa silinachokere m'buku lililonse. Lili mu D minor. Ndili mwana ndinkapita kwa agogo ku Dedza pa tchuthi, ndipo m'mawa ndinkadzutsidwa ndi kusinja. Amayi awiri ankasinja mu mtondo umodzi, minsi ikutsika mosinthana, wina akutsitsa pamene mnzake akukweza, ndipo agogo ankang'ung'uza nyimbo pamwamba pa kugunda kumeneko, koma nyimbo yawo siinkagwera pamodzi ndi minsi nthawi zonse. Ndayesa kulemba chinthu chimenecho: dzanja lamanzere la piyano likugunda kawiri pa bar, kalarineti ikuyenda katatu, ndipo zikukumana poyambira bar pokha. Nyimbo ya agogoyo sindinaikopere, chifukwa sindiikumbukira bwino. Chimene ndatenga ndi kayendedwe kake.

Chonde musandinyengerere. Kunyumba ndi kukwaya onse akuti nyimbo ndi yokoma, koma palibe amene wandiuza pamene yalakwika, ndipo ine mtima ukundiuza kuti zolakwika zilipo.

Mlongo wa ku Mchinji

Achimwene, ine za manotsi sindidziwa kanthu, choncho zolakwikazo ndisiyira ena. Ndamvera kanayi. Gawo loyamba ndi losalala bwino, koma pamene kusinja kuja kwayamba ndinasiya zimene ndimachita n'kukhala pansi, chifukwa ndinaona pakhomo pa amayi anga, nkhuku zikutola madeya pafupi ndi mtondo. Ndinamva zimenezi ndisanawerenge kufotokoza kwanu, pakuti ndinayamba ndi kumvera.

Agogo a ku Bandi

Mwana wanga, ndaimba kalarineti m'bandi kwa zaka zambiri mpaka ndinapuma, ndiye ndikulankhula ngati munthu amene akanapatsidwa pepala limeneli kuti aimbe. Khutu uli nalo, ndipo zimenezo palibe angakuphunzitse. Koma nyimbo iyi waipekera kompyuta, sunaipekere munthu, ndipo pali malo amene woimba weniweni angaime n'kukuyang'ana.

Yamba ndi mpweya. Kuchokera pa bar 1 mpaka pa bar 16 kalarineti ilibe popumira ngakhale pamodzi. Pa liwiro limene waikalo, amenewo ndi masekondi 30 athunthu munthu akuuzira, ndipo wamulembera kuti akweze mphamvu kumapeto kwake, pamene m'chifuwa mwatsala mopanda kanthu. Kompyuta ilibe mapapo, ndiye yadutsa osadandaula. Woimba adzaba mpweya pamalo amene wasankha yekha, ndipo kawirikawiri adzadula chiganizo chako pakati. Iwe ndiwe wa kwaya, ukudziwa kuti sopulano sungamupatse mizere inayi ya nyimbo ya m'buku osapuma. Imba mutuwo ndi pakamwa pako, ndipo pamene wapumira iwe, ikapo popumira papepala. Ine ndikuona kuti pa bar 4, pa bar 8 ndi pa bar 12 noti yomaliza ikhoza kufupikitsidwa, piyano n'kudzaza mpatawo.

Tsopano tsegula bar 41. Pali noti imene pulogalamu yako yaipaka kufiira, ndipo sinaipake mwangozi: ikukuuza kuti chidacho sichifika pamenepo. Kalarineti imene ambirife tili nayo ndi ya B flat, ndipo imamveka sitepe imodzi pansi pa chimene chalembedwa. Noti yake yotsika kwambiri imalembedwa E wa pansi pa C wapakati, ndipo imamveka ngati D. Iwe walemba C sharp pansi pa D ameneyo. Palibe bowo loti munthu atseke kuti aipeze, zala zonse zatha kale. Koma usakhumudwe, chifukwa mwangozi wasankha bwino kiyi ya gawo lapakatilo: D amene nyimbo ikubwererapo ndiye noti yakuya kuposa zonse pa chida chimenechi, yamdima ndi yodzaza ngati mawu a munthu wamkulu. Pa bar 41 fika pa D kuchokera pamwamba, kudzera pa E, ndipo vuto latha.

Pa nkhani yomweyi ya kusiyana kwa kulemba ndi kumveka, usanapereke pepala kwa woimba, zimitsa batani lolembedwa Concert pitch. Gawo la kalarineti liyenera kuoneka mu G major, ndi sharp imodzi, pamene piyano ili mu F. Ukamupatsa mmene lililimu, adzaimba zimene akuona ndipo mudzasiyana sitepe imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Palinso pa bar 17 ndi 18, pamene waika manotsi othamanga osinthana pakati pa G ndi A. Kwa ife amenewo ndi A ndi B, ndipo pakati pawo pali phompho limene wophunzira aliyense amalira nalo. Pa A chida chili pafupifupi chotseguka, chala chimodzi chokha chikugwira ntchito. Pa B mabowo onse atsekedwe nthawi imodzi, ndi chala chachikulu chikukanikizanso kiyi yakumbuyo. Katswiri amadutsapo, koma kubwerezabwereza mothamanga kwa ma bar awiri kudzamveka ngati munthu wopunthwa. Kweza kachidutswako kuti kakhale pa C ndi D, ndipo kadzayenda ngati madzi.

Wa Limba ku Kawale

Agogo, zikomo kwambiri. Noti yofiirayo ndinaiona, koma ndinkaganiza kuti pulogalamu ikungosonyeza pamene ndinakonza komaliza. Ndayesa kuimba ma bar 16 aja ndi pakamwa monga mwandiuzira, ndipo mpweya unandithera pa bar 9. Ndinasankha kalarineti chifukwa cha mmene imamvekera m'makutu, koma kunena zoona sindinaigwirepo m'manja chibadwire, ndipo za phompho la pakati pa A ndi B ndazimva koyamba lero. Ndikonza zonse zitatu usiku uno. Ndikufunsenso: kodi piyano ikamadzaza mpata pamene kalarineti ikupuma, ibwereze mathero a chiganizo chimene chatha, kapena iyambe kuitana chiganizo chikubweracho?

Mphunzitsi wa Kwaya ku Chilomoni

Bambo a ku Kawale, funso lanulo ndiyankhe ine pamene tikudikira agogo. Zonse ziwiri zimatheka, koma m'nyimbo yanuyi ndikanakonda piyano iyankhe, itenge manotsi atatu omaliza a kalarineti n'kuwabwereza pansi pake, monga timachitira m'nyimbo zathu za mtsogoleri ndi ovomera. Pakali pano piyano yanu m'gawo loyamba ndi wantchito chabe, ikungonyamula katundu, ilibe mawu akeake.

Chimene ndabwerera makamaka ndi bar 11 ndi 12. Ndifotokoza mu solfa, popeza tonse awiri tinakulira m'menemo, ndipo ambiri m'makwaya athu ndi njira yokhayo imene timawerengera kuyambira pamene amishoni anafika nayo m'zaka za m'ma 1800. Besi yanu ikuchoka pa fa kupita pa so, ndipo nthawi yomweyo kalarineti ikuchoka pa do kupita pa re. Kuchokera pa fa kufika pa do ndi masitepe asanu. Kuchokera pa so kufika pa re ndi asanunso. Ndiye kuti mawu awiriwo akwera pamodzi atagwirana pa mtunda wa fifth, ndipo m'kalembedwe ka nthawi ya Haydn ndi Mozart chimenechi ankachipewa kwambiri. Chifukwa chake si mwambo chabe. Manotsi awiri otalikirana fifth amalowana kwambiri moti akayenda limodzi khutu limasiya kumva anthu awiri, limamva munthu mmodzi wonenepa mawu. Nyimbo imene yakhala ikuyenda ndi miyendo iwiri imakhala ngati yadumpha ndi mwendo umodzi.

Mankhwala ake ndi apafupi. Besi ikamakwera kuchoka pa fa kupita pa so, mawu apamwamba atsike: kalarineti ichoke pa do kupita pa ti. Yesani pa limba lanu, mudzamva nokha mmene ti akukokera kubwerera kwawo ku do. Zomwezi zachitikanso pa bar 21 ndi 22, ndipo popeza gawo lachitatu ndi kubwereza, zabwera kanayi m'nyimbo yonse.

Malamulo amenewa anawasonkhanitsa bwino Johann Joseph Fux m'buku lake la Gradus ad Parnassum limene linatuluka ku Vienna mu 1725, ndipo Haydn, Mozart ndi Beethoven onse anadutsamo. Simukufunika kuliwerenga lonse. Tengani nyimbo zinayi kapena zisanu za m'buku la kutchalitchi zimene zili ndi mawu anayi, mutsate besi ndi sopulano zokha ndi pensulo, muone kuti nthawi zambiri wina akakwera mnzake amatsika kapena kuima.

Wophunzira ku Zomba

Aphunzitsi, ndikupempha kusiyana nanu pang'ono, mwaulemu. Zimene mwafotokoza ndi zoona pa nyimbo za ku Ulaya za nthawi imeneyo, koma ndimada nkhawa tikamauza munthu amene wangoyamba kupeka kuti chimene khutu lake lakonda ndi cholakwa chifukwa buku la 1725 linaletsa. Ngakhale ku Ulaya komweko lamulo limeneli silinakhale mpaka kalekale. Claude Debussy, m'nyimbo yake ya piyano yotchedwa La cathédrale engloutie ya 1910, anayendetsa ma chord (manotsi angapo oimbidwa nthawi imodzi) athunthu mofanana, ma fifth ali poyera, ndipo ndi chimene chimaipatsa kumveka kwake ngati mabelu a pansi pa madzi. Komanso kwathu kuno, anthu akamaimba pa maliro kapena pa chinkhoswe popanda pepala, mawu achiwiri nthawi zambiri amatsata oyamba, akakwera nawonso amakwera. Chichewa chili ndi mawu okwera ndi otsika m'kalankhulidwe komwe, ndiye oimba onse akamatchula mawu amodzi, n'chachibadwa kuti akwere ndi kutsikira pamodzi. Khutu la achimwenewa linaleredwa m'menemo.

Onaninso kuti m'gawo lapakati muli ma fifth ambiri kuposa m'gawo loyamba. Dzanja lamanzere likugunda D ndi A, kenako C ndi G, kenako kubwerera, kwa ma bar asanu ndi atatu, ndipo palibe amene wadandaula nazo, chifukwa pamenepo ndi pamene nyimbo yagwira mtima. Ndiye ine ndikanati achimwene asankhe okha, podziwa chimene akuchita.

Mphunzitsi wa Kwaya ku Chilomoni

Mwanawe, wanena bwino, ndipo za gawo lapakatizo ndinaziona, ndinazisiya dala. Pamenepo ma fifth aja si mawu awiri oimba, ndi kugunda kwa munsi, ndipo kuuma kwawo ndi kumene kukufunika. Ndikanakhumudwa akanawachotsa. Koma m'gawo loyamba mwini wake wanena yekha kuti akufuna minuet ya masiku a Mozart, ndipo kwa ma bar khumi wakhala akutsata kalankhulidwe ka nthawi imeneyo mosamala. Zikatero, fifth ya pa bar 11 siimveka ngati chosankha, imamveka ngati kuterereka. Debussy anadziwa lamulo bwino lomwe ndipo anamanga nyimbo yonse pa kulisiya. Sanaliphonye kamodzi pakati pa njira. Pa mfundo yako yomaliza tikugwirizana, asankhe podziwa. Ntchito yanga inali kuti adziwe.

Achemwali a ku Leeds

Ndaisindikiza nyimboyi ndipo ndaimba gawo la piyano pa chida chenicheni madzulo ano, mwana wanga akung'ung'uza gawo la kalarineti. Achimwene, ndiyambe ndi za manja, kenako ndinene chimene chili kumtima kwanga.

M'gawo loyamba dzanja lamanzere mwaliunjika pansi kwambiri. Pa bar 1 muli F, A ndi C zothithikana kumunsi kwa piyano. Pa kompyuta zikumveka zoyera, koma pa zingwe zenizeni zikuchita phokoso la matope, chifukwa noti iliyonse yotsika imabwera ndi timawu tina tambiri pamwamba pake, ndipo zikayandikana timawuto timamenyana. Chilengedwe chenichenicho chimayala mawu motalikirana pansi ndi moyandikana pamwamba: poyamba octave (masitepe asanu ndi atatu), kenako fifth, kenako fourth (anayi), third (atatu) n'kubwera pambuyo. Tsatani chimenecho. Siyani F pansi, C pamwamba pake, ndipo A mumukweze octave imodzi kuti dzanja lamanja limutenge. Pa bar 20 mwalemba chord yotambasuka masitepe khumi m'dzanja limodzi. Ine ndi ambiri a manja aang'ono timafika asanu ndi atatu okha, ndiye muigawe kapena mulole kuti iimbidwe motsatana.

Tsopano chachikulu. M'nyimbo iyi muli anthu awiri. M'ma bar 24 oyamba muli wophunzira wakhama amene wamvera Mozart kwambiri ndipo akuyesa kuvala malaya ake. Palibe chonyansa, koma ndikatseka maso ndimadziwiratu noti yotsatira isanafike. Kuyambira pa bar 25 muli munthu amene ali ndi chonena. Kawiri kolimbana ndi katatu kameneka si kachilendo m'nyimbo za ku Ulaya, amakatcha hemiola, ndipo Brahms ankakakonda kwambiri, koma iwo kawirikawiri amakagwiritsa ntchito kwa kanthawi, ngati zokometsera. Inu mwakapanga kukhala maziko, monga zilili m'ng'oma zathu, ndipo mwalola kalarineti kulowa mochedwa pa bar 33 ngati munthu amene akuimba uku akugwira ntchito. Chimenecho sindinachiyembekezere, ndipo ndinabwereza malowo katatu.

N'chifukwa chake gawo lachitatu landipweteka. Titadutsa zonsezo, minuet ikubwerera chimodzimodzi, noti ndi noti, ngati palibe chachitika. Munthu akapita kumudzi kukaona agogo, sabwerera kutauni ali yemweyo. Ine ndikanakonda mutachotsa minuet yonse n'kumanga nyimbo yatsopano pa kusinja kokha.

Kuti muone kuti njira imeneyi ena anaiyendapo, funani nyimbo ya Kevin Volans, wobadwira ku Pietermaritzburg ku South Africa, yotchedwa White Man Sleeps. Anaipeka mu 1982, ndipo mu 1986 anaikonzanso kuti iimbidwe ndi zida zinayi za zingwe. Mbali ina anaitenga ku nyimbo za zitoliro za nyanga za Anyungwe a ku Tete, anansi athu enieni. Sindikuti mumutsanzire, koma mumve mmene kachidutswa kakang'ono kobwerezedwa kangathe kunyamula mphindi zambiri ngati wopeka akusintha pang'onopang'ono chimene chili pamwamba pake.

Wa Limba ku Kawale

Achemwali, mawu anu ndagona nawo masiku awiri ndisanayankhe. Za dzanja lamanzere ndakonza kale, ndipo ngakhale pa limba la kutchalitchi kusiyana kwake kukumveka. Za gawo lachitatu mwanena zoona: ndinangokopera gawo loyamba chifukwa ndinkaopa kuononga chimene chinali chitaima kale.

Koma kuchotsa minuet yonse, pamenepo mundikhululukire, sindingathe. Mwina ikumveka ngati malaya obwereka, koma nanenso ndinakulira m'nyimbo za mawu anayi za m'tchalitchi, ndipo tsiku limene ndinamva koyamba nyimbo ya Mozart pa wailesi ndinakhala chete mpaka inatha. Zimenezonso ndi zanga, monga mtondo wa agogo uli wanga. Chimene ndikufuna kuyesa ndi ichi: mutu wa minuet ubwerere pa bar 49 monga kale, koma dzanja lamanzere lisabwerere ku kayendedwe kake koyamba, lipitirize kugunda kawiri pa bar, tsopano mu F major. Ndaimba pang'ono ndipo pali malo awiri pamene manotsi akugundana, koma ndikuona ngati ndi kugundana kumene ndikhoza kukonza posintha besi.

Kwa aphunzitsi ndi achimwene a ku Zomba, ndamvera onse awiri. Pa bar 11 ndatsitsa do kupita pa ti, ndipo ndavomereza kuti pakoma kuposa kale. M'gawo lapakati sindinakhudze kanthu. M'gawo lachitatu ma fifth adzabwera ndi kusinja kuja, ndipo tsopano adzakhala odziwa chimene abwerera.

Achemwali a ku Leeds

Ganizo lanulo laposa langa, achimwene, ndipo ndabweza mawu anga. Chenjerani chabe pa bar yachitatu ya mutuwo, pamene pali la wautali: kugunda kwachiwiri kwa dzanja lamanzere kudzagwa pakati pa noti imeneyo, ndiye musaikepo chord yatsopano, bwerezani yomweyo mofewa.

Agogo a ku Bandi

Mwana wanga, ndaona pepala latsopano ndipo tsopano ndi loimbika. Chatsala ndi chakuti ulimve likuchokera m'chifuwa cha munthu. Nyimbo zazikulu za chida chathuchi zinapekedwa ndi anthu amene anali ndi woimba pafupi. Mozart analemba concerto yake ya kalarineti mu 1791, chaka chimene anamwalira, ndipo anailembera mnzake Anton Stadler. Brahms anali ataganiza zosiya kupeka, koma mu 1891 anamva Richard Mühlfeld akuimba ku Meiningen, ndipo anatenganso cholembera. Ma sonata ake awiri a kalarineti ndi piyano a 1894 anawalembera munthu ameneyo. Ankadziwa mpweya wa munthu wawo, ankadziwa pamene chida chake chimalira bwino.

Ine mano anandithera ndipo sindingathenso kugwira chida pakamwa kwa nthawi yaitali, koma ndili ndi mtsikana amene ndakhala ndikumuphunzitsa kwa zaka zinayi, ndipo amawerenga bwino. Nanenso ndili ku Lilongwe konkuno. Ngati akuluakulu a mpingo wako angalole, tibwere Loweruka masana, kwaya isanayambe kuphunzira. Usindikize gawo la kalarineti palokha, ndipo pamene iye akupuma kwa ma bar angapo ulembepo timanotsi tating'ono ta piyano kuti adziwe polowera.

Wa Limba ku Kawale

Ndabwera kudzanena mmene zinayendera Loweruka, popeza nonse munaikapo dzanja. Agogo anafika ndi wophunzira wawo nthawi ya 2 koloko. Mtsikanayo anayamba wanyowetsa kabango ka pakamwa, n'kulumikiza zidutswa za chida chake, kenako anauzira D wotsika uja yekha kuti atenthetse chida. Tchalitchi chinali chopanda anthu, ndipo mawuwo anadzaza mpaka kumabenchi akumbuyo. Ndakhala ndikumva noti imeneyo pa kompyuta kwa miyezi isanu, koma sindinkadziwa kuti ili ndi kunjenjemera kotero, koti umakumva m'mimba.

Tinaimba kasanu ndi kawiri, ndipo zimene ndinaphunzira sizinali papepala. Liwiro la 96 ndi labwino pa minuet, koma pa gawo lapakati linali kuthamangitsa amayi osinja aja. Tinatsika mpaka 84 ndipo kugunda kunakhala pansi. Pa bar 37 mpaka 44, pamene kalarineti ili pansi penipeni, dzanja langa lamanzere linkaimiza, chifukwa tonse tinali m'dera limodzi la mawu. Agogo anandiuza kuti ndichepetse mphamvu ndipo ndisiye A, ndigunde D yekha, ndipo pomwepo kalarineti inatulukira. Chinanso, popumira paja ndinaika, munthu satenga mpweya mofanana ndi wotchi. Pa bar 8 ankachedwa pang'ono nthawi iliyonse, ndipo poyamba ndinkamusiya m'mbuyo. Kachitatu ndinayamba kuyang'ana mapewa ake m'malo mwa pepala, akakwera ndimadikira, ndipo pamenepo m'pamene nyimbo inayamba kumveka ngati ya anthu awiri.

Achemwali a ku Leeds, gawo lachitatu lagwira. Mutu wa minuet utabwerera pamwamba pa kusinja, agogo amene anali atakhala pabenchi lakutsogolo anayamba kugunda ndodo yawo pansi kawiri pa bar, osadziwa kuti akutero. Aphunzitsi, kuyankha kwa piyano pa bar 4 ndi 12 nakonso kwakoma, ndipo woimbayo anati kumamupatsa nthawi yokwanira.

Chimene sichinakhazikike ndi ma bar anayi omaliza. Ndinatseka ndi ma chord awiri amphamvu, so kenako do, monga minuet imathera, koma pambuyo pa kusinja kuja akumveka ngati chitseko chomenyetsedwa. Mtsikanayo anati mwina piyano ingopitiriza kugunda mocheperachepera mpaka kuzimirira, kalarineti itagwira F wautali. Ine ndikuopa kuti ikatero nyimbo idzakhala ngati yangotha mphamvu, osati yafika. Ndaika pano zimene tinajambula pa foni, mathero onse awiri, kuti mumve nokha.

Mphunzitsi wa Kwaya ku Chilomoni

Ndamvera onse awiri, bambo. Achiwiriwo ali pafupi ndi choonadi, koma nkhawa yanu ndi yomveka. Yesani kusunga so ndi do m'besi, kuti khutu lidziwe kuti tafika kwathu, koma muwaike pa kugunda kuwiri kwa munsi m'bar 71, mofewa, ndipo bar 72 ikhale ya kalarineti yokha.

Agogo a ku Bandi

Aphunzitsi anena zimene ndimafuna kunena. F ameneyo kwa ife ndi G, ndipo ukamuika pamzere wachiwiri wa staff agwera pa manotsi ofooka a pakhosi pa chida, amene sachedwa kuuma akamaimbidwa motsitsa. Mutsitse octave imodzi, akhale G wa pansi, ndipo mtsikanayu akhoza kumugwira kwa masekondi asanu ndi atatu mpaka kuzimirira osagwedera. Lemba njira zonse ziwiri, ubwere ndi pensulo ndi chofufutira, tikayese Loweruka likubwerali nthawi yomweija.